Kadzidzi Wovala Magalasi

Makatoni a mabuku aja atatsegulidwa, m'kalasi mwathu munamveka fungo lachilendo. Masiku onse munkanunkha zitosi za mileme, fumbi la choko ndi thukuta la ana oyenda mtunda wautali, koma tsiku limenelo munanunkha ngati beseni latsopano la pulasitiki. Inali nyengo yokumba nsawa, mphepo ya mu Juni itayamba kutituwitsa miyendo. Ine ndinali mu Giredi 3 pasukulu ya kwathu ku Zemba, ndipo ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera lopanda galasi.

Aphunzitsi athu, a Madamu Tembo, anati mabukuwo atumiza ndi anthu akunja. Anali amitundu iwiri. Ena anali aakulu koma opyapyala, odzaza ndi zithunzi. Ena anali aang'ono okhuthala, nkhani yake yogawidwa m'mitu, ndipo angapo mwa amenewa anali a m'Chinyanja. A Madamu anaika lamulo. Aliyense atenge buku la zithunzi akakhale nalo kunyumba mlungu umodzi. Wobweza labwinobwino adzatenga la mitu. Wong'amba kapena wodetsa, mabuku aiwale.

Ine ndinali mwana wamanyazi, ndipo mpaka lero ndidakali choncho. Aphunzitsi akandiloza ndinkayang'ana zala zanga za kumapazi. Koma chamumtima ndinkawerenga Chinyanja kuposa anzanga ofuula aja, ngakhale palibe ankadziwa. Pamulu wa mabuku a mitu panali lina la chikuto chobiriwira. Ndinalitsegula mwakabisira pamene tinkathandiza kuwalongedza m'kabati, ndipo ndinangowerenga mizere iwiri ya mtsikana amene akukwera basi yekha. Kuyambira pomwepo ndinkangofuna kudziwa kumene ankapita.

Kumudzi mabukuwo sanawalandire ndi manja awiri. Pachitsime amayi ankanong'onezana kuti munthu wosakudziwa ndi dzina lomwe sangakupatse chinthu chokongola chotere chaulere. Ena ankati muli za satana, ena ankauza ana awo kuti azisamba m'manja akawagwira. Mkulu wina wa mpingo wathu anapita kusukulu n'kukawatsegula limodzilimodzi. Atabwerako anati sanapezemo choipa, koma anthu anati mwina sanayang'anitsitse.

Buku limene linagwera ine linali la m'Chingelezi, choncho ndinkawerenga zithunzi zokha. Linali la kabakha kamene kanasochera n'kumafunsa njira kwa nyama zosiyanasiyana. Chapakati pa bukulo kanakumana ndi kadzidzi wovala magalasi, wokhala pamphanda ya mtengo. A Madamu anatiuza kuti kwa anthu amene analemba bukulo kadzidzi ndi mbalame yanzeru, ngati mphunzitsi. Kalasi yonse inaseka, ena analavula pansi, poti kwathu kadzidzi akalira pafupi ndi nyumba timati akuitana maliro. Ine ndinamukonda. Anali ndi nkhope ya munthu amene amaona zambiri koma sayankhula.

Kunyumba tinalipo anayi. Bambo ankagwira ntchito ya ulonda ku Chipata ndipo ankabwera patalipatali. Panali amayi, ine, ndi mlongo wanga Limbikani wa miyezi isanu ndi itatu, amene mlungu umenewo thupi linkamutentha. Pakati pa ine ndi iye panabadwa ana awiri omwe anamwalira asanayambe kuyenda. Wachinayi anali malume Yotamu, mlongo wawo wa amayi, amene anabwerera kuchokera kuchikamwini ukwati utatha, n'kumagona m'kanyumba kuseri kwa nkhokwe. Amayi anali a chigwirizano kutchalitchi, pamene malume anali a kudambwe ndipo ankasuta fodya wokulunga okha. Ankakangana kawirikawiri, koma amayi sankalephera kuwasungira ndiwo.

Tsiku loyamba ndinapeza amayi pakhonde akuthothola nsawa, Limbikani ali pamiyendo. Ndinagwada pambali pawo n'kuwatsegulira tsamba ndi tsamba. Kabakha kanawaseketsa. Titafika pa kadzidzi anasiya kuthothola, anamutembenuza mwana kuti ayang'ane kukhoma, n'kunena kuti, "Kasunge m'thumba mwako." Ndinaganiza kuti akuopa dothi la nsawa. Ndinalikulunga m'pepala la shuga, ndinaliika m'thumba langa la saka, n'kulipachika pamsomali kuchipinda.

Lachinayi masana, nditabwerako kotola nsawa zotsalira m'munda, ndinasamba m'manja n'kulitsitsa. Kenako ndinalitsegula. Masamba atatu a chapakati panalibe. Sanang'ambidwe mwachisawawa ayi. Anadulidwa mowongoka, pafupi penipeni ndi posokera, moti munthu wothamanga sakanazindikira. Ndinakhala pamphasa nthawi yaitali ndikumva nkhuku zikupalasa panja, ndipo buku lobiriwira lija ndinkaliona likupita kwa wina.

Sindinauze munthu. Ndinayamba kuyang'ana aliyense ndi diso lina. Mbuzi ndinazichotsa msanga, poti mbuzi siidula mowongoka. Kenako ndinaganizira Esinati, mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, amene anapatsidwa buku la manambala okhaokha ndipo ankasilira langa. Dzulo lake anabwera kudzapala moto, ndipo ndinakumbuka kuti anachedwa kutuluka. Lachisanu nthawi ya buleki, anzathu akusewera fulaye, ndinabwerera m'kalasi n'kupisa m'thumba mwake. Ndinapezamo mbatata yophika ndi kapensulo kotafunidwa. Manyazi anandigwira, koma kukayika sikunathe. Kunangosamukira kwa wina.

Malume anali ndi lezala lometera ndevu, ndipo nthawi zonse ankasowa pepala. Chaka chathacho anamaliza kope langa lonse la masamu, tsamba ndi tsamba, akuti manambala amakometsa fodya. Ndipo aliyense wofuna pepala amazula chapakati. Madzulo a tsikulo dzuwa lisanalowe ndinazungulira kuseri kwa nkhokwe n'kumatola tizidutswa ta ndudu zawo. Ndinkatifunyulula kamodzikamodzi kufuna kuona mtundu wachikasu kapena wabuluu. Zala zinanunkha fodya mpaka m'mawa. Sindinapeze kanthu, koma ndinati basi anasuta zonse mpaka kumapeto.

Loweruka malume anandituma madzi akumwa. Ndinawapatsira chiimire, nkhope nditayang'ana kumbali.

"Iwe Neliya, mawondo auma ndi chisanu?" anatero malume. "Kapena sukulu yakukweza udindo?"

"Mwasuta buku langa."

Mawuwo anatuluka mokweza moti ngakhale ine ndinadzidzimuka. Malume anaika kapu pansi n'kundiuza kuti ndikalitenge. Analigwira ndi nsonga za zala, anapekesa tsamba limodzi, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Pepala loterera chonchi? Mwanawe, ili malovu sagwira. Ndipo utsi wake ungandigoneke kumanda lero lomwe."

Anapitiriza kutsegula akusekabe. Atafika podulidwa paja anabwerera m'mbuyo, anapitanso kutsogolo, ndipo kuseka kunatha. Anayang'ana kukhitchini, kumene amayi ankamupukuta Limbikani ndi kansalu konyowa. Dzulo lake anali atapita naye kukiliniki pa njinga ya malume omwewo, ndipo anabwerako ndi mankhwala a malungo. Malume anatseka bukulo n'kundibwezera.

"Lolemba tipitira limodzi," anatero. Ine mumtima ndinati avomera mlandu.

Lolemba m'mawa anavala jekete lawo lopitira kumaliro, lomwe linkanunkha utsi. Tinadutsa m'minda ya thonje mame akutinyowetsa, iwo patsogolo ine pambuyo. Anzanga ankatidutsa atanyamula mabuku awo m'mapepala a shuga ngati langa. Titafika, malume anaima pakhomo la kalasi, anavula chipewa, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono ngati afika pabwalo la milandu.

"Madamu, mwanayu alibe chifukwa. Ndinasowa pepala, ndasuta ndine."

Ana onse anaphulika kuseka. Ine ndinkafuna pansi patseguke. A Madamu Tembo analandira bukulo n'kuyamba kulitsegula modekha, monga ankachitira poyang'ana makope athu. Iwo ankalidziwa bwino, poti anali atatisonyeza zithunzi zake kutsogolo.

"Fodya wanu ngosankha, a Phiri," anatero. "Watenga kadzidzi, walumpha chule, n'kukatenganso kadzidzi."

"Chule ngonyowa, Madamu. Sayaka."

Apa ndiye ena anagwa pamabenchi. A Madamu anamwetulira pang'ono chabe, kenako anayandikira pakhomo n'kutsitsa mawu. Ine ndinamva chifukwa ndinali chiimire pambali pa malume.

"Kunyumba kuli matenda?"

"Kamwana," anayankha malume. "Koma kayambanso kuyamwa."

Ndinayang'ana bukulo m'manja mwa a Madamu. Zinali zoona. Masamba odulidwawo sanali otsatizana. Pakati pawo panatsala tsamba la chule atakhala pamwala, losakhudzidwa. Masiku onse aja ndinkangolira zosowazo osafunsa chifukwa chake ili linatsala. Ndinakumbuka kachitini ka amayi ka singano ndi ulusi, momwe munkakhalanso lezala lowengera zikhadabo zathu. Ndinakumbukanso mmene anamutembenuzira mwana kukhoma.

A Madamu anati lamulo ndi lamulo, ndipo ana onse alimva. Temu imeneyo sindidzatenganso buku kupita nalo kunyumba. Koma malume atapita anandiitana patebulo pawo n'kundifunsa buku limene ndinkafuna. Ndinangoloza lobiriwira lija m'kabati. Anati ndiziliwerengera pomwepo nthawi ya buleki, pamaso pawo, ndipo likalira belu ndizilibweza.

Masana nditafika kunyumba ndinapeza amayi akusenda nsawa m'lichero, Limbikani akusewera ndi makoko pamphasa. Malume anali atakhala pachitsa, jekete atavula. Amayi anali atawaotchera mbatata ziwiri zazikulu, chinthu chimene sankachita pakati pa mlungu. Ndinapereka moni n'kukhala chapatali. Kenako amayi anayankhula maso ali m'lichero.

"Mbalame ija inalira pamtengo wa kuseriku mlungu umene tinataya mng'ono wako Mwatitha. Sindikanagona nayo m'nyumba mwana akutentha."

Anangonena zomwezo. Pambuyo pake ndinamva kwa malume kuti masambawo anawaponya m'chimbudzi.

Ndinawakwiyira amayi mpaka nsawa zonse zinalowa m'matumba. Ndinkawathandiza ntchito osayankhula, ndipo poti ndinali wosayankhula kale, sindikudziwa ngati anazindikira. Mumtima ndinkati munthu wovala yunifolomu ya chigwirizano, woimba patsogolo Lachisanu lililonse, angaope bwanji mbalame yojambula, yovala ndi magalasi omwe? Ndipo angalole bwanji mlongo wake kukasekedwa ndi ana? Pakuti nkhaniyo inafalikira mudzi wonse. Kusukulu ine ankanditcha mwana wa osuta mabuku, ndipo malume anapatsidwa dzina loti Chule Sayaka. Ankaitanidwa choncho pamowa, pamsika wa thonje, ngakhale pamaliro awo zaka zisanu zapitazo. Sanatsutsepo tsiku ndi limodzi lomwe. Ine ndinayambanso kugwada powapatsa madzi, koma mawu opepesa sindinawapeze.

Buku lobiriwira ndinaliwerenga temu yonseyo, masamba awiri kapena atatu patsiku, m'mimba mukulira njala, panja anzanga akufuula. A Madamu ankachonga makope osandiyang'ana, kupatula ndikaima nthawi yaitali pa liwu limodzi. Pamenepo ankalitchula chapansipansi n'kupitiriza ntchito yawo. Ndinalimaliza kutatsala masiku awiri kuti titsekere. Ndilo buku lokhalo la mitu limene ndinawerengapo mpaka kumapeto, chifukwa sukulu ndinalekezera mu Giredi 5.

Lero Limbikani ndi mnyamata wamtali kuposa bambo, ndipo ine ndili ndi mwana wanga wamkazi amene wangoyamba kukwawa. Ndikudziwa kuti malungo amabwera ndi udzudzu, ndiponso kuti Limbikani anachira ndi mankhwala a kukiliniki aja. Amayi mpaka pano amati zonse ziwiri zinathandiza, ndipo sinditsutsana nawo. Mwezi watha mwana wanga anatentha thupi masiku atatu, ndipo ndinaona ndekha zimene munthu angachite ndi manja ake akasowa pogwira.

Nthawi ija ndinkaona kuti panyumba pathu panali wakuba mmodzi ndi wabodza mmodzi, ndipo wolakwiridwa ndinali ine ndekha. Tsopano ndikaganiza za tsikulo ndimaona amayi ali okha kuchipinda, mwana wodwala ali kumsana, buku la mwana winayo lili pamaondo. Akanatha kuliponya lonse pamoto, ndipo pachitsime paja akanawayamikira. Iwo sankadziwa kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi. Koma anakhala pansi n'kutsegula tsamba ndi tsamba, kudula mowongoka chokhacho chimene chinkawaopsa, ndipo zotsala zonse anandibwezera m'thumba.