Manyowa a apongozi

Nditasiya uphunzitsi ku shikola ya ku Chifunde n'kulowa ntchito yofufuza za mbewu, ndinkayenda ngati dziko lonse ndi la bambo anga. Ntchito yoyamba inali yoyesa chimanga chatsopano. A enjinyeru, abwana anga, sanandibisire: zikayenda chaka chino ndikhazikika pa ntchito, zikakanika ndibwerere ku choko.

Malo ndinapempha kwa apongozi anga aakazi ku Nsadzo, kumene ndili mkamwini. Mundawo ndinaudula zigawo. Zina ndinathira adubu, feteleza wogula uja, koma chimodzi chinayenera kukhala chosathira kanthu, kuti tione kusiyana kwake. Uchitsiru wanga, chigawo chimenecho ndinachiika m'mphepete mwa njira ya ku tchalitchi.

Mvula itakhazikika, chimanga cha m'njiracho chinali chachikasu, cholekeza m'mawondo. Odutsa ankachita kutsika panjinga. "Apurufesori, kodi ndi chimanga chimenechi kapena anyezi?" Ndinkangoseka nawo. Poti mkamwini sakhala pansi n'kumacheza ndi apongozi, ndinatuma mkazi wanga kuti akawauze kuti chigawocho asachikhudze. Yankho linabwera lalifupi: "Amva."

Kenaka ndinapita ku Tete kukaphunzira. Pobwerera ndinakwera mota, njinga yamoto ija, limodzi ndi a enjinyeru, ndikudzitama njira yonse. Titafika, mayo ine! Chigawo chija chili biriwiri, patsinde pake manyowa a mbuzi ali mbwee.

Apongozi anali chapatali ndi khasu. Anagwada, nkhope ataloza kumbali, n'kuyankhula ndi a enjinyeru.

"Bambo, anthu amawaseka akamwini angawa, ati adubu inawathera. Ine ndi amayi anzanga a ku tchalitchi tinasenza manyowa pamutu kuchokera kukhola. Musawachotse ntchito chifukwa cha kachigawo kamodzi. Taonani, chadzuka."

A enjinyeru sanakalipe, bola akanakalipa. Anangondifunsa chapansipansi m'Chipwitikizi ngati eni mundawo ndinawafotokozera chifukwa chake. Ine mphunzitsi, wakuti ndinaphunzitsa ana a eni ake mpaka mawu kusasa, ndinali ndisanawafotokozere. Manyazi anandigwira. Popanda chigawo chija panalibenso choyerekezera, ntchito ya chaka chonse inali itathera pomwepo.

Apongozi anali chigwadirebe, akudikira. Ndinkadziwa kuti msana umawavuta, ndipo khola lili kutali. Ndiwauze chiyani? Nanenso ndinagwada pamzere n'kuomba m'manja.

"Zikomo amayi, mwatithandiza."

A enjinyeru analiza mota n'kunena kuti nkhaniyi ndikaifotokoza ndekha kwa akuluakulu. Anapita okha.

Madzulo mkazi wanga anabwera ndi uthenga, akumwetulira. "Amayi akuti musadandaule. Chaka chamawa ayamba kuthira msanga, anthu asanaone."