Lamlungu Limene Fermín Sanasewere

Fermín Ocaranza anabadwira ku Goya, m'mbali mwa mtsinje wa Paraná, m'nyumba yamalata yoyang'anizana ndi bwalo lafumbi. Bambo ake ankalima fodya m'minda ya anthu ena. Iye anakula wamtali, miyendo ngati mapesi, moti anzake anamutcha Tero, dzina la mbalame ya m'madambo yowonda miyendo komanso yaphokoso. Mapazi ake analibe zodabwitsa, zimenezo amavomera yekha. Koma mpira ukabwera cham'mwamba ankanyamuka ngati wina wamukoka ndi chingwe, n'kuulandira ndi chipumi, goloboyi n'kutsala akucheuka. Mutu umenewo ndi umene unamuchotsa ku Goya.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anapita ku Rosario, ku timu ya ligi yaing'ono, kumene ankagona anyamata asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi. Kuchoka apo anapita ku Bolivia, kumapiri kumene munthu umathamanga pang'ono n'kuyamba kusaka mpweya. Kenako Cyprus, kenako Greece, kenako kubwerera kwawo miyezi isanu osasewera, foni ili m'manja. Sanatchukepo. Anali m'gulu la osewera kutsogolo aja amene timu imawaitana ikaona kuti ikumira, amwetse zigoli khumi, chaka chikatha azichita kufunsa okha ngati akufunikabe.

Yanina anakwatiwa naye ali ndi zaka makumi awiri. Ankagulitsa buledi ku Goya komweko, sukulu atasiyira pakati pa sekondale. M'zaka zisanu anakhala m'nyumba zisanu ndi imodzi, ndipo anaphunzira kusakhoma msomali pakhoma. Pamene ankafika ku Norway, m'katauni ka m'mbali mwa nyanja kokhala ndi fakitale ya nsomba ndi timu ya ligi yachiwiri, anali ndi mwana kumanja, Ludmila, wa miyezi isanu ndi iwiri.

Kumeneko Yanina ankaopa chilichonse. Ankaopa makalata obwera ndi mawu ataliatali ngati sitima. Ankaopa madzi oundana pamasitepe. Tsiku limene anaona makanda atagonekedwa panja m'tingolo tawo, mphepo ikuwomba, amayi awo ali m'kati akumwa khofi, anathamangira kunyumba atapanikiza Ludmila pachifuwa. Munthu amene anamutulutsa m'nyumbamo anali Torunn, mayi wachikulire amene anapuma pa ntchito ya unamwino ndipo tsopano ankachapa majezi a timu mongodzipereka. Anagogoda tsiku lina atanyamula thumba la zovala zaubweya za adzukulu ake.

"Mwanayu wamuveka ngati akupita ku ukwati," anatero m'Chingelezi chake chokhakhala, akutsina kadiresi ka Ludmila. "Kuno timayamba ndi ubweya, kutchena pambuyo. Mawa ubwere kochapira. Ndili ndi masokosi makumi anayi osadziwa anzawo."

"Zikomo, mayi Torunn."

"Mayi ndi amayi ako. Ine ndine Torunn."

Yanina sanathe kusintha. Mpaka lero amati mayi Torunn, ndipo mwiniwake anatopa n'kumuletsa.

Chaka chimenecho Fermín anamwetsa zigoli khumi ndi zitatu, zisanu ndi zinayi mwa izo ndi mutu. Timu inafika pa masewero omaliza. Ikapambana, ikwera ligi yaikulu, ndipo kochi Geir anali atamuuza pamaso kuti ikakwera, kontirakiti yake aiwonjezera zaka ziwiri. Zaka ziwiri m'nyumba imodzi! Yanina anali atayamba kale kuyang'ana khoma la pabalaza ndi diso lina.

Patatsala mlungu umodzi, pa kona, Fermín anawombana mitu ndi wotchinga kumbuyo wa timu ina. Yanina anali pakati pa ochemerera ndipo anakumva kuwombanako, ngati dzungu lagwa pa simenti. Fermín anagona kanthawi, n'kudzuka. Wachithandizo wa timu anamufunsa mafunso aja amafunsa: tili kuti, zigoli zili bwanji. Anayankha onse. Mafunso amenewo anawaloweza kalekale, ndipo amadziwa kusuzumira pa bolodi asanayankhe. Kwawo munthu wotuluka m'bwalo miyendo ikuyenda amamunena kuti ndi wa chifuwa chozizira, kutanthauza wamantha, ndipo dzina limenelo likakumata silichoka. Anamaliza masewero.

Lolemba ndi Lachiwiri ankaoneka bwinobwino, kungoti ankakhala mofulatira zenera. Yanina anaona. Anaonanso kuti wafunsa kawiri ngati mwana wadya, mbale ya mwanayo ili m'manja mwake momwe. Koma chimene chinamuumitsa thupi chinachitika Lachitatu m'mawa.

Chidziwanirane, wokonza yerba, chakumwa cha masamba cha kwawo, m'nyumba mwawo anali Fermín, ndipo sankalola wina kukhudza kachikho kake. Ankathira masamba, n'kutseka pakamwa pa chikho ndi chikhatho, kuchigwedeza chozondotsa, kupendeketsa masambawo mbali imodzi, ndiye kulowetsa kampope kachitsulo komwera. Madzi ankawaphula ketulo ikangoyamba kung'ung'udza, isanawire. Chikho choyamba, chowawa chija, ankamwa yekha, poti kuchipatsa mnzako n'chipongwe. Ku Greece anatsala pang'ono kumenyana ndi goloboyi wina amene anatakasa masamba ndi kampope.

Lachitatu limenelo ketulo inawira mpaka chivindikiro kuvina, Fermín ataima pomwepo akuiyang'ana. Anathira madzi owirawo, natakasa ndi kampope ngati phala la mwana, n'kupereka chikho choyamba kwa mkazi wake.

Yanina analandira ndi manja awiri. Sanamwe.

"Bwanji, wonenepa wanga?" Amamutcha choncho ngakhale Yanina ndi wowonda ngati bango.

"Iwe wamwa kale?"

Fermín anayang'ana chikho, nayang'ana ketulo. "Eya. Ndamwa."

Kampope kanali kouma.

"Fermín, mutu ukukupweteka."

"Mutu wa ndani? Mutu uwu wawomba mizati ya zigoli m'maiko asanu. Wolira unkakhala mzati."

"Dzulo wasanza. Ndinamva."

"Nsomba zawo zovunditsa zija. Iwe ukanadya ukanaitana wansembe."

"Tiye kuchipatala."

Apa nthabwala zinatha. Anakhala pansi, nagwira chipumi, n'kuchisiya msanga ataona kuti akuonedwa.

"Yani, tamvera. Ndili ndi zaka makumi atatu. Lamlungu ndi ola limodzi ndi theka basi. Ndikangodumpha bwino kamodzi, takhala. Ludmi adzaphunzira kuno. Ukawauza anthu awa andikhazika pansi, kuno sachita nazo masewera zimenezi. Ukatero uyambe kumanga zikwama. Lolemba ndipita kwa dokotala aliyense amene ukufuna, ngakhale wa mahatchi."

Anatenga chikwama chake n'kupita kokonzekera masewero. Yanina anatsala ndi chikho chija patebulo. Anayang'ana nyumba, kampando ka mwana, zenera limene anali atalizolowera. Anaganiza za bwalo la ndege lina, chilankhulo china, iye ali ndi mwana kumanja. Kenako anaganiza za mipira ya pa kona, mmene Fermín amaithamangira atatsekula maso, Lamlungu mwina khumi, mwina makumi awiri. Anaveka Ludmila ubweya, namuika m'kangolo, n'kuyenda pamvula mpaka kochapira, kachipinda ka pansi pa mipando ya ochemerera.

"Wachedwa," anatero Torunn osacheuka. Atacheuka anasiya jezi. "Nkhope imeneyo bwanji? Wamwalira ndani?"

"Fermín wandipatsa chikho choyamba."

"Cha udzu wanu uja? Ndiye? Mwamuna waphunzira ulemu, iwe n'kumalira?"

Yanina anadziona kupusa. Munthu ungafotokoze bwanji, m'Chingelezi chopempha, kuti madzi owira ndi matenda? Anatenga kakapu koyezera sopo, nakatseka ndi chikhatho, kukazondotsa, kukapendeketsa, kuonetsa zonse mmene zimayendera.

"Zaka zisanu ndi ziwiri, mayi Torunn. Tsiku lililonse. Ngakhale tsiku limene bambo ake anamwalira sanawiritse madzi. Lero watakasa. Ndipo sakudziwa kuti watakasa."

Torunn anazimitsa makina ochapira.

"Kuwala akukuthawa?"

"Eya."

"Wasanza? Akubwereza mawu?"

Yanina anavomera ndi mutu.

"Zaka makumi atatu m'chipatala ndinaphunzira chinthu chimodzi. Mkazi akati mwamuna wanga si yemwe uja, timamvera mkaziyo. Wodwala amanama, makamaka akakhala wamtali."

"Akadziwa kuti ndanena ndine…"

"Adziwa. Ine sindinama. Ndipite kapena ayi? Ukati ayi ndipitabe, koma ndikufuna ndimve pakamwa pako."

"Pitani."

Torunn analowa m'bwalo ndi epuloni yake yomwe, akudula pakati pa osewera ngati akuwoloka msika. Nthawi imeneyo n'kuti Fermín ali pamzere, akudikira mipira yam'mwamba. Yanina anaima kumpanda atagwira kangolo. Anaona Torunn akukoka kochi Geir pamkono wa jekete, anaona Geir akupukusa mutu, akuloza Fermín ngati akunena kuti taonani, munthu ali bwinobwino. Mawu a Torunn anamveka mpaka kumpanda, ndipo zimene ananena anadzamumasulira pambuyo pake: "Geir, matewera ako ndinasinthapo ine. Liza wenzuloyo."

Wenzulo inalira. Fermín anamvetsera zimene kochi ankanena, kenako anatembenuka pang'onopang'ono mpaka maso ake anapeza kangolo kumpanda. Yanina sanayang'ane pansi.

Chipatala chinali tsidya lina la nyanja. Anawaperekeza Torunn pagalimoto yake yonunkha galu, ndipo njira yonse, ngakhale pa pantoni yowolotsa magalimoto, Fermín anafulatira mkazi wake. Atamuunika anapeza kuti m'kati mwa chigaza munali mutatuluka magazi pang'ono. Dokotala, mayi wachitsikana wa mawu ofatsa, anati mpira umodzi wolimba ukanapeza malo omwewo, sakanalonjeza kuti Fermín akanadzukanso.

"Ndiye Lamlungu?" anafunsa Fermín.

Dokotala anayang'ana Yanina. "Amakhala chonchi nthawi zonse, kapena ndi kuvulalaku?"

"Nthawi zonse," anayankha Yanina, ndipo misozi imene anaigwira kuyambira m'mawa inapeza njira.

Lamlungu timu inalepherana ndi anzawo, chigoli chimodzi kwa chimodzi, ndipo sinakwere. Madokotala anamuletsa Fermín kumenyanso mpira ndi mutu, ndipo wosewera kutsogolo ngati iye, wopanda mutu, alibe chogulitsa. Milungu iwiri sanalankhule ndi mkazi wake kupatula za mwana. Yanina sanamunyengerere. Anakapempha makatoni kusitolo n'kuyamba kulongedza mbale.

Tsiku lina masana, Fermín atabwera kounikidwanso, anamupeza Yanina akukulunga makapu m'nyuzi. Anaima pakhomo kanthawi.

"Andionetsa chithunzi chija. Kanthu ngati nyemba." Anakhala pa katoni. "Unadziwa bwanji?"

"Unawiritsa madzi. Unatakasa. Unandipatsa choyamba."

"Ine?"

"Iwe."

Fermín anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. Mapewa ankagwedezeka, ndipo Yanina sanadziwe ngati akuseka kapena akulira. Mwina zonse.

"Usawauze amayi," anatero pomaliza. "Za magazi uwauze. Za kutakasazo ayi."

Makatoniwo sanachoke m'nyumba. Geir, amene manyazi anali asanamuthere, anapita kwa akuluakulu a timu kukanena kuti ana a m'tauni akufunika mphunzitsi wodziwa mpira wa kwina. Mapepala a chilolezo anatenga nyengo yonse yachisanu. Torunn ankabwera Lachinayi lililonse ndi magalasi ake, kudzaza mafomu, kuimba mafoni, kukalipira Fermín chifukwa cha zolemba zake zonga mapazi a nkhuku. Yankho litabwera, Yanina anaphika nyama yambiri moti Torunn anafunsa ngati aitana tauni yonse.

Papita zaka zitatu tsopano. Fermín amaphunzitsa ana ndi anyamata masana, m'mawa amasamalira bwalo, ndipo chipale chofewa chikagwa amachichotsa ndi fosholo akutukwana m'Chisipanishi. Mwana akangogundana mutu ndi mnzake amamutulutsa m'bwalo nthawi yomweyo, makolo adandaule asadandaule. Mutu umamuvutabe masiku ena. Yanina mantha sanamuthere, ndi chibadwa chake. Amayang'anabe mmene mwamuna wake akutsikira masitepe, mmene akumangira nsapato. Koma makalata amawawerenga yekha tsopano, ndipo Ludmila amawakonza makolo ake onse awiri akalakwitsa mawu a kuno.

Torunn amadya nawo Lamlungu lililonse, ndipo nkhani imatha kufika pamodzimodzi.

"Tsiku lija ndikanamwetsa zigoli ziwiri," amatero Fermín akudula nyama. "Wotchinga wawo anali wamfupi ngati ndowa. Ziwiri, mayi Torunn, nditatsinzina."

"Ukanatsinzinadi," amayankha Torunn. "Ife n'kumaphika khofi wa pamaliro."

"Wonenepa wanga, auze. Iwe umandidziwa. Zikanakhala zingati?"

Yanina amamuyang'ana: imvi ziwiri zitatu pamwamba pa khutu, mafuta pachibwano, mwana atakhala pamwendo pake akumubera mbatata m'mbale.

"Zitatu," amatero, n'kumuwonjezera nyama.