Kope la Pensulo

Chiperoni chikabwera mu Juni, phiri la Mulanje limasowa masiku atatu kapena anayi. Mvula yake si yoti n'kuithawa, imangowaza, koma imalowa paliponse. Nkhuni ziyenera kulowa m'nyumba, makaka achotsedwe padenga, ndipo chovala chochapa Lolemba umachivala Lachisanu chikadali chozizira. Mapepala nawo amayamba chuku.

A Esperanca amakhala kumtunda kwa Limbuli, m'nyumba ya zidina imene anamanga namondwe wa Freddy atagwetsa yakale. Ali ndi zaka makumi asanu. M'dzinja amathyola tiyi kuesiteti. Nyengo yozizira tiyi amamudulira, ganyu imachepa, ndiye amakhala pakhomo, kuyendera nandolo ndi kuphika kalongonda wogulitsa pamsika. Anthu ambiri ogula kalongondayo sadziwa kuti mayiwa amalemba.

Anawoloka mtsinje wa m'malire wa Muloza mu 1986 ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kuthawa nkhondo kumudzi wina kuseri kwa Milanje. Ananyamuka atatu: iwo, mayi awo, ndi mlongo wawo Mikaeli wazaka zisanu ndi ziwiri. Anafika awiri. Mikaeli anadwala chikuku panjira. Anamuika m'dzenje lokumba ndi chikwanje, ndipo lero palibe amene angaloze malowo. Alibe manda, alibe chithunzi. Chimene chilipo ndi masamba khumi ndi awiri a m'kope, momwe a Esperanca analembamo ulendo wonsewo ali mu Sitandade 3 pasukulu ya ana othawa nkhondo. Analemba ndi pensulo, chifukwa ana a makalasi aang'ono sankaloledwa cholembera cha inki.

Atakula anadzaza makope ena asanu ndi awiri, onse ndi inki: za ukwati wawo, za kubadwa kwa ana, nyimbo za m'minda ya tiyi, za maliro a amuna awo. Madzi atalowa m'nyumba mu Malichi 2023, sutikesi ya makope inakhala m'matope masiku anayi. Ataitsegula anapeza inki itayenderera, masamba onse ali buluu ngati wina wawanyika dala. Pensulo yokha sinasunthe. Anapatula masamba a kope loyambalo ndi mpeni, kuwayanika palichero limodzilimodzi. Sanalire. Kuchokera tsiku limenelo sanalembenso kanthu.

Chaka chotsatira, chiperoni chili pakati, mwana wawo Ireen, mphunzitsi ku Nkando, anabwera ndi uthenga pafoni. Anawapeza akupukuta chuku pakope lija ndi kansanza. Tsamba lomaliza linali litayamba kunyenyeka m'mphepete.

"Amayi, bungwe lina likufuna kusindikiza buku la nkhani za anthu othawa kwawo. Akuti ngakhale ya Chichewa alandira, amasulira okha. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu."

"Buku lenileni?"

"Lenileni. Asindikiza ambirimbiri, ena apita kunja."

A Esperanca anaika kansanza pansi. "Ndiye kuti dzina la amalume ako likhala m'nyumba zambiri. Madzi sangalowe m'nyumba zonse tsiku limodzi."

M'mawa mwake anakulunga kopelo m'chitenje, natsikira limodzi ndi Ireen pamsika wa Limbuli kwa Morton, mnyamata wamkulu ndithu amene amatayipa makalata ndi kutchaja mafoni m'kashopu kake.

"Amayi a Ireen, mwabwera kudzalembetsa kalata yachikondi? Ndimadziwa ine. Anthu atatu anakwatira chifukwa cha makalata anga."

"Awiri anasiyana kale," anatero Ireen.

"Zimenezo ndi za ankhoswe, si za wotayipa."

Ireen ankawerenga, Morton akutayipa. Pofika tsiku lachinayi la ulendo, pomwe Mikaeli anasiya kupempha madzi, nthabwala zinatha. M'shopumo munkangomveka mabatani ndi madontho a padenga. A Esperanca anakhala pabenchi, manja ali pamiyendo, akuyang'ana njinga zodutsa panja ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina.

Atamaliza, Morton anatsegula fomu ya bungwe lija pakompyuta. Dzina analemba. Zaka analemba. Kenako anaima.

"Apa akufuna chikalata chosonyeza kuti ndinu wothawadi. Khadi lanu la nthawi imeneyo lilipo?"

"Tinabweza mu 1994. Aliyense wobwerera kwawo ankapereka khadi pokwera galimoto. Tinakwera, tinafika, tinapeza mudzi uli thengo. Patatha sabata ziwiri tinabwerera kuno wapansi."

"Ndiye m'mabuku mwawo munapita kwanu?"

"Ndinapita."

"Nanga chitupa cha unzika?"

Anachitulutsa m'kachikwama. Chinalembedwa kuti anabadwira ku Mulanje. Tsiku lolembetsa anawafunsa mudzi, iwo anatchula mudzi wa amuna awo, monga anachitira anthu ena ambiri pamzerepo.

Ireen anawerenganso fomuyo. "Akuti othawa madzi osefukira nawonso ndi ololedwa. Pakungofunika umboni woti anali pakampu."

"Sindinapite kukampu. Kusukulu komwe anaika kampu kunadzaza, ndinakakhala kwa alamu anga."

Morton anakanda mutu. "Amayi, inu mwathawa kawiri, osalembetsa ngakhale kamodzi?"

"Sindinkadziwa kuti adzafunsa."

Kenako a Esperanca anatembenuza kopelo n'kuloza pachikuto. Makope onse a pasukulu ya othawa nkhondo ankadindidwa chidindo, chokhala ndi dzina la sukuluyo ndi chaka. Morton analitengera pakhomo pomwe panali kuwala. Chidindocho chinali cha inki. Panatsala banga lozungulira, lofiirira, lalikulu ngati pansi pa kapu.

"Panali mawu apa," anatero a Esperanca. "Ndimawakumbukira onse. Ndingawatchule."

"Fomu ilibe malo olembapo zokumbukira, Amayi."

Anajambulabe bangalo ndi foni. Ireen analemba mizere itatu yofotokoza za madzi aja, ndipo anatumiza zonse. Morton anasindikiza nkhaniyo pamapepala anayi oyera, nawapereka ndi manja awiri. A Esperanca anathokoza, anakwera mtunda kubwerera kunyumba, nakatsanulira madzi ena mumphika wa kalongonda.

Yankho linabwera patatha sabata zitatu, nandolo atayamba maluwa. Ireen anawawerengera pafoni Loweruka masana, akumasulira pang'onopang'ono. Anthu a bungwe lija anathokoza mwaulemu. Anati nkhaniyo yawakhudza kwambiri. Anati lamulo la amene akuthandiza ntchitoyo likufuna chikalata chowerengeka, choncho sangathe kuiika m'bukumo, koma mwina chaka chamawa malamulo adzasintha.

"Amayi, mwamva?"

"Ndamva."

"Ndingawalemberenso. Kapena tipite ku Boma, mwina maina akale alipo penapake."

"Maina alipo. Analemba kuti ndinapita."

Analowa m'nyumba, natuluka ndi mapepala anayi a Morton aja. Ananyika chala m'ndowa n'kudontheza madzi pakona ya tsamba loyamba. Anadikira. Zilembo zinayamba kufufutika, mawu awiri anasanduka banga lakuda. Anapinda mapepalawo n'kumupatsa Ireen.

"Awa sunga iwe. Uli ndi kope losalemba m'chikwama mwakomo?"

Ireen anali nalo. Anatulutsanso cholembera.

"Ayi, icho ayi. Pensulo."

Chiperoni chinabweranso Lolemba. A Esperanca analowetsa nkhuni, anachotsa makaka padenga, nakhala pakhomo pomwe kuwala kumafika. Anasongola pensulo ndi mpeni womwe uja. Kope lakale anaika pabondo lakumanzere, latsopano pabondo lakumanja. Ankakopera tsamba limodzi m'mawa, lina masana, osakonza ngakhale pomwe mwana wa Sitandade 3 analakwitsa. Pomwe pepala linanyenyeka n'kudya mawu, anawalemba kuchokera m'mutu.

Loweruka anafika pamzere womaliza. Anatseka makope onse awiri, anawaika m'jumbo ya shuga, jumboyo m'jumbo inzake, namanga kukamwa ndi luzi. Anakwera pampando n'kuimangirira pamtanda wa denga.