Pakamwa panga panaphulitsa diso la Anachisale

Inu owerenga, ine sukulu sindinaiponde. Izi ndikungoyankhula, wina akundilembera, ndipo ndamuuza kuti asakometse. Ndinalakwira munthu. Ku Area 36 kuli mayi wina amene lero akuona ndi diso limodzi. Mwala sindinaponye ine ayi, koma amene anaitana miyalayo ndi ineyo.

Tinkakhala ku Mgona, ine ndi mdzukulu wanga Tadala. Bambo ake anatsogola, kenako mayi ake, mwana wanga wachisamba, anatsatira atadwala nthawi yaitali. Maliro asanazizire n'komwe, achimwene a mwamuna uja anabwera ndi pikapu n'kusesa zonse, mpaka mbaula. Mwanayo anaona zonsezo ali chiimire pakhonde. Kuyambira tsiku limenelo anangoti zii, ukamufunsa kanthu yankho lake ndi mutu basi.

Moyandikana nafe munkakhala Anachisale, telala, mayi wamasiye wopanda mwana, makina awo pakhonde. Tadala akaweruka kusukulu ankathera kumeneko. Ine ndinkati bola, akaphunzireko kusoka kusiyana n'kumakazungulira kuvidiyo ndi anyamata.

Koma kumbukirani zaka zimene zija. Pa wailesi, m'minibasi, pa mzere wotunga madzi, nkhani inali imodzi: ana akuphunzitsidwa ufiti. Mawu oti kuphunzitsa anali ataonongeka. Ukangomva kuti uje akuphunzitsa ana, sunkafunsanso kuti akuwaphunzitsa chiyani.

Tsiku lina mvula inatibalalitsa pamsika ku Nsungwi kumene ndinkagulitsa tomato, ndiye ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo. Ndikuti ndizitula dengu, ndinamva mawu kuseri kwa bafa. Mawu aakulu, onenepa, oti sindinawamvepo pakhomo panga.

"Ine ndine Namzeze! Ndimayenda pa mawaya a magetsi, Lilongwe yense ali pansi pa mapazi anga. Ndikakufulasha pa foni, usadye, konza bokosi. Wa ku Biwi ndathana naye. Watsala iwe wa ku Kawale. Munadya za mayi anga, lero mulavula!"

Ndikusuzumira, ndi Tadala! Mwana woti madzi akumwa amapempha monong'ona, ataima chonchi, dzanja m'mwamba, maso ali psuu. Ndipo inu, mwezi womwewo tinali titamva kuti bambo wa pikapu uja watupa miyendo. Ankakhala kuti? Ku Kawale. Dengu linangoti phwa, tomato mbwee m'matope.

Ndinamugwira pamkono. "Iwe! Zimenezi wakuphunzitsa ndani?"

Iye n'kumwetulira, inu, kumwetulira koyamba chimwalirireni mayi ake. "Nkhaniyo ndapeka ndekha, agogo, koma akundiphunzitsa ndi anti Nachisale. Akuti mawu azichokera m'mimba."

Zopekazo khutu langa silinatole. Linatola akundiphunzitsa, linatolanso m'mimba. Ndinathamangira pamsewu, chitenje chikukwekwereka, n'kutsegula kukhosi kwangaku, kumene anthu a ku Mgona ankati sikufuna chimkuzamawu pamaliro.

"Anthuni tulukaniii! Mfiti yandilowera m'nyumba! Telala uyu akuphunzitsa mwana wanga!"

Ku Mgona anthu sachedwa. Amayi otunga madzi, anyamata a maganyu, oledzera a kachasu, onse piringupiringu. Tadala ankandikoka uku akulira, "Agogo, ndi sewero! Ndi sewero!" Ine ndi nzeru zanga zija ndinatembenukira gulu: "Mwamva? Wavomera yekha! Si paja amati amakasewera mpira kumanda?" Anthu onse, "Eeeee!"

Anachisale anaimirira pamakina, tepi ili m'khosi. "Amayi a Tadala, bwanji kodi? Khalani pansi tikambirane." Ankanditchula choncho pondipatsa ulemu, poti mwanayo ndinkalera ndine. Ine ndinawalavulira malovu kumapazi.

Mnyamata wina analowa m'nyumba mwawo n'kutuluka ndi chovala chakuda, chosokedwa mapiko a nsalu kumikono. Anachitukula m'mwamba. "Ndege ija ndi iyi! Amama, mafuta mumathira pati?" Anthu anaseka, ndipo kuseka kuja ndi kumene kunamasula manja. Makina anawagubuduzira m'ngalande. Mawindo phwanyu. Mwala wina unawapeza Anachisale pankhope, anangokhala pansi atagwira diso, magazi akudutsa m'zala. Sanakuwe. Apolisi ndi amene anadzawachotsa, apo ayi bwenzi tikunena zina.

M'mawa mwake kunabwera aphunzitsi a Chichewa a kusukulu kwa Tadala, nsapato zili matope okhaokha. Anandiuza kuti kunali mpikisano wa zisudzo wa masukulu, ndipo sewero la Tadala ndi limene linasankhidwa. Nkhani ya mtsikana wouluka wobwezera amene anazunza mayi ake. Anachisale kale ankachita zisudzo kutchalitchi kwawo, ndiye ankamuthandiza kaimidwe ndi katulutsidwe ka mawu, ndipo chovala chija anasoka ulere ndi nsalu zotsala.

Ine ndinalimbabe. "Nanga miyendo ya ku Kawale?"

"Mayi, bambo amenewo ndi a shuga, akhala akupita kuchipatala kuyambira kale. Nanga ine ndimaphunzitsa ana tsiku lililonse, mundiitanira anthunso?"

Ndinasowa poyang'ana. Ine amene sindinagonjepo pa mkangano wa pamsika, tsiku limenelo ndinagonja.

Diso lija madokotala analephera kulipulumutsa. Alandilodi anawauza Anachisale kuti asabwererenso, akuopa kuotcheredwa nyumba. Makasitomala anathawa, poti dzina la ufiti silichapika ngakhale aphunzitsi ayende khomo ndi khomo. Ndipo anthu aja amene anaponya miyala ankandipatsa moni bwinobwino, ena mpaka kunena kuti, "Agogo, munachita bwino, utsi sufuka popanda moto." Mawu amenewo ankandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Panapita nthawi ndisanalimbe mtima. Nditawalondola Anachisale ku Area 36 kwa mng'ono wawo, ndinawapeza akusankha nyemba, mutu ataupendeketsa kuti diso lotsalalo lione. Ndinagwada pa dothi, ine nkhalamba, n'kuyamba kulira mokweza monga mwa chizolowezi changa. Iwo anangoti, "Tsitsani mawu, amayi. Kuno sakundidziwa." Kenako anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati mwana uja anakachita sewero lake. Ndinati ayi. Anapukusa mutu n'kubwerera ku nyemba zawo. Kuti anandikhululukira kapena ayi, sindikunamizani, sindikudziwa.

Tadala anasamukira kwa mayi ake aang'ono ku Chinsapo. Lero ndi mayi wa ana ake, amandiyendera, amandigulira sopo ndi shuga, koma mawu aakulu aja sindinawamvenso. Tsiku lina ndinamufunsa kuti kodi Namzeze uja anathera pati. Iye anati:

"Sindinamalize, agogo. Wanga uja ankapha anthu a m'mutu mwanga. Munamaliza ndinu."

Ndiye inu owerenga, makamaka agogo anzanga amene mukulera ana amasiye, mwana amene waona zowawa amafuna potulutsira. Wina amaimba, wina amajambula pansi, wina amapeka munthu wouluka woti akamumenyere nkhondo imene iye sangaithe. Mukamumva akuyankhula zoopsa, tulani dengu bwinobwino, khalani pansi, mumufunse kuti kenako chinachitika n'chiyani. Akakuuzani kuti uje akundiphunzitsa, funsani kuti chiyani. Ine funso lalifupi limenelo ndinalidumpha, ndipo anthu amene ndinawaitana ndi mpweya umodzi sindinathe kuwabweza ngakhale ndinakuwa bwanji.