Nambala ya Bambo ku Mgodi

Dzulo mdzukulu wanga anati, "Gogo, ndipatseni nambala yaikulu ndione ngati imagawika." Ndinangoti 6421, mtima n'kuyamba kuwira.

Inali nambala ya bambo ku mgodi kuno ku Bindura, yodindidwa pa kachitsulo konunkha thukuta ndi girizi. Kapitawo ankawaitana ndi nambalayo, ine n'kumayesa ndi ulemu.

Ndili mwana, sabata yathunthu ndinaigawa nambalayo ndi khala pakhoma la nyumba yathu ku komboni: ndi 3, ndi 7, ndi 11, mpaka 79. Nthawi zonse pankatsala kanthu. Aphunzitsi anati nambala yotere imagawika ndi 1 ndi iyo yomweyo basi. Ndinathamangira kunyumba. "Baba, nambala yanu ndi yapadera, ndi ya inu nokha." Anatsokomola nthawi yaitali, n'kuti, "Fufuta khomalo, mwanawe."

Fumbi la mgodi litawapha, ndinaperekeza amayi kukabweza chisoti ndi nyali. Pachipata kapitawo anakuwa, "6421!" Ndinacheuka msanga. Amene anavomera anali munthu wina wamtali, akutafuna nzimbe.

Nkhata za pamanda zinali zisanafote, nambala atapatsa kale wina. Ine ndinatha sabata pa nambala ya bambo, koma agalu a pamgodiwo zaka makumi awiri sanavutike n'kuphunzira dzina lawo loti Yohane.