Chipinda Choyang'ana Kumsewu

Pakamwa panga mpoyipa, sindikana. Koma pa nkhani ya chipinda chija, anthu a ku Kalingalinga anandiweruza asakudziwa kanthu.

Nyumba inali ya bambo wina Msilamu, kalipentala, amene makolo ake anachokera ku Malawi. Zipinda ziwiri zinkayang'ana kumsewu. China munkakhala mbeta ina yowotcherera zitsulo, china ine ndekha. Mwamuna wanga anachotsedwa ntchito kampani yawo itagulitsidwa, n'kupita ku Nakonde kukayesa malonda, osabweranso. Mwana wathu wamkazi anamwalira ndi chikuku asanayambe kuyenda. Kumanda, kathabwa ka dzina lake kanadyedwa ndi chiswe, ndipo mvula itagwa zaka ziwiri sindinathenso kuloza pamene anagona.

Chimene chinanditsalira ndi mchombo wake. Utagwa, ndinaukwirira ndekha kumanja kwa chitseko cha chipinda changacho, monga anandilangizira amayi anga ku Katete: "Malowo usauze munthu, ngakhale mwamuna wako. Afiti amayambira pamenepo." M'mawa uliwonse posesa ndinkaima pamalopo n'kumupatsa moni chamumtima.

Zaka zimenezo aliyense ankatsegula kagolosale. Tsiku lina eni nyumba anandipeza ndikuchapa.

"Amayi, chipinda ichi nifuna kupangamo shopu. Imwe muyende kumbuyo. Kuja ni kukulu, malata ni yanyowani, pompi ili pafupi."

"Sinichoka," ndinatero.

"Chifukwa?"

"Sinichoka chabe."

Sananame ayi. Chakumbuyo chinali chabwino, changa chinkadontha moti mvula ikabwera ndinkatchera mabeseni atatu. N'chifukwa chake azimayi a pampopi anandiyesa wamisala. Ena ankati ndikudikira kuona mwamuna wanga akutsika minibasi. Ena ankati kumsewu n'kosavuta kulowetsa alendo achimuna. Ndinawatukwana onse, mmodzimmodzi, ndipo kuyambira pamenepo ndikafika ndi ndowa nkhani zinkatha. Ndinkatunga madzi anga popanda wondipatsa moni.

Mlandu unafika kwa ba cheyamani a dera lathu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, pa mabenchi amene eni nyumbawo anakhoma okha. Ba cheyamani anandifunsa katatu konse.

"Tipatseniko chifukwa chimozi chabe, amayi. Chimozi."

Ndinafuna kunena. Koma panali anthu ambiri, ena osawadziwa n'komwe. Lero ndimadzifunsa: mwana anali atapita kale, afitiwo akanamutenga kangati? Tsiku limenelo nzeru zimenezi ndinalibe, ndinkangomva amayi anga m'makutu. Ndinati, "Chitseko chija nachizolowela." Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Anandipatsa mlungu umodzi.

M'mawa wa tsiku losamuka ndinakumba pamalopo ndi mpeni, ndikunamizira kuzula udzu. Ndinapeza mizu ndi kachidutswa ka botolo, basi. Kanthu kochepa ngati nsonga ya chala sikangadikire munthu zaka zitatu m'dothi. Mawa lake amisiri anathira simenti khonde lonse.

Kumbuyo sikunkadontha, ndipo ndinadana nako. Kunali zii, wodutsa panalibe, ndipo posesa ndinalibe woti ndimupatse moni. Ndinasungulumwa koopsa. Ndiye ndinayamba kugula zinthu chimodzichimodzi, machesi m'mawa, mchere masana, kasopo madzulo, kuti ndipeze poimira kumanja kwa chitseko chija.

Amene ankagulitsa mushopumo anali akazi a eni nyumba, mayi wofatsa amene sitinkayankhulana chiyambire mlandu. Tsiku lina kulibe ogula anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, bwanji simugula vonse pamozi? Ndiponso windo ili uku, imwe muimilila uko masiku yonse."

Ndinawauza. Zinangotuluka, mosavuta ngati kufunsa mtengo wa shuga.

Anakonza mpango wawo kumutu.

"Mayo ine! Sembe munakamba, sitikanakuchotsani! Abambo poyamba anafuna chipinda cha uja wa vitsulo. Anasankha chanu chifukwa chinali kudontha. Anati mzimayi ali yekha, avutika na mvula, timupatse pouma."

Ndinatenga machesi anga. Ndinaima pasimentipo pang'ono, kenaka ndinazungulira kumbuyo.