Chigubu cha Kumapazi kwa Amayi

Bambo anga ndi owotcherera zitsulo, ndipo mutu wawo ndi chitsulonso. Amayi atadwala sitiroko, mwendo ndi dzanja lakumanzere n'kufa, bambo sanalire pagulu. Anadula bedi lakale lachitsulo, anapeza tayala, n'kuwotcherera kangolo m'mbali mwa njinga yawo yamoto. Anaikamo mpando wa galimoto ndi mtsamiro. Anati mkazi wawo adzayendanso, wina afune asafune.

Mafizo olimbitsa ziwalo zofookazo amayi ankachitira kuchipatala chachikulu, kutali ndithu, ndipo msewu wonsewo pomwetsera mafuta ndi pamodzi pokha, pomwe nthawi zambiri pamakhala pouma. Njinga yokoka kangolo ndi anthu atatu imamwa ngati chidakwa. Thanki inkatifikitsa, koma pobwerera inkathera panjira. Choncho bambo ankanyamula chigubu cha petulo. Kumbuyo kwawo ndinkakhalako ine, wonyamula amayi, ndipo pambali panali ekizozi yotentha. Malo otsala anali amodzi basi: kumapazi kwa amayi. Sankachidzaza mpaka kukamwa, ati petulo akatenthedwa ndi dzuwa amafuna popumira. Ndiye ankapumadi, fungo lonselo kumaso kwa wodwala.

Amayi ankasanza ulendo uliwonse. Kumafizoko ankangoima pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira pophunzira kuyenda, kupukusa mutu, n'kukhalanso pansi. Ine zinkandipsetsa mtima, chifukwa adokotala ankati mwendowo mphamvu zabwereramo, koma mantha ndiwo achuluka.

Tsiku lina m'mawa amayi anakana kukwera.

"Bambo ake, sankhani. Ine kapena chigubu chanucho."

"Mayi, popanda ichi sitibwerako."

"Ndiye ndisiyeni ndiwolere pampando pano."

Bambo anayang'ana chigubu, n'kuyang'ana mkazi wawo. Anachitsitsa. Anati mwina pomwetsera paja tikapeza mafuta, koma zojomba kumafizo ndiye ayi.

Sitinawapeze. Pobwerera njinga inatsokomola n'kuzima m'munsi mwenimweni mwa chitunda, dzuwa lili paliwombo, msewu uli zii. Kuseri kwa chitundacho ndi kotsetsereka mpaka kwathu. Ine ndinayamba kulalata kuti makani a anthu awiriwa adzandipha ndisanakwatiwe. Bambo anangovula jekete.

"Pakamwa sipakankha njinga. Gwira kumbuyoko."

Tinakankha, iwo pachiwongolero, ine kukangolo, amayi ali m'katimo. Bambo si mwananso, ndipo chifuwa chawo chinkalira ngati mvukuto. Titafika pakati njinga inayamba kubwerera m'mbuyo. Bambo anagwa ndi bondo paphula, dzanja lili pabuleki. Ndinathamangira mwala n'kuuika kutayala.

"Nditsitseni," anatero amayi.

"Khalani, mayi, ndapuma kale," anayankha bambo, mawu akuchita kuduka.

"Ndati nditsitseni. Kulumala kwandikwana, umasiye sindikuufuna."

Ndinawagwira m'khwapa n'kuwatulutsa. Ndinkati ndikawakhazike paudzu, tidzawatenge tikakweza njinga, koma dzanja lawo lamoyo lija linakakamira m'mphepete mwa kangolo. Ndinayesa kulikanula, anandiyang'ana ndi diso lomwe ankandiyang'ana nalo ndili mwana.

"Pansi sindikhala. Chotsa mwalawo."

Ndinayang'ana bambo. Anadzuka, anapukuta manja pabuluku, n'kugwedeza mutu. Ndinauchotsa. Njinga itapepuka inasuntha, kangolo n'kukoka dzanja la amayi. Thupi lawo linapendekera kutsogolo, ndipo ndinati basi agwa. Phazi lakumanzere linakwekwereza paphula n'kutera kutsogolo. Lakumanja linatsatira. Nsapato inavuka n'kutsala m'mbuyo, koma iwo sanaime. Ankatukwana chitunda, kutukwana njinga, kutukwana mwendo wawo womwe, uku akuponda.

Ine ndinasiya kukankha. Ndinangoti kakasi, misozi ili chuchuchu, mpaka njinga inalemeranso. Bambo sanacheuke n'komwe, ankaopa kuti akawayang'ana amayi akumbukira mantha aja. Anangoweramira pachiwongolero, mapewa akunjenjemera.

"Iwe, ukuonerera chiyani? Kankha pang'onopang'ono. Amayi ako akuyenda."